Mtondo kwa Ine, Munsi kwa Nives

Mayi atamwalira tinagawana katundu pa tebulo la kukhitchini,
ine ndi mlongo wanga Nives.
Mabulangete, wotchi, mapoto, zonsezo tinamvana.
Pa mtondo ndi pamene panavuta,
mtondo wa mwala woyera wa ku Carrara, wa makutu anayi,
limodzi lobenthuka chaka chimene ndinabadwa.
Ine ndinaukumbatira.
Iye anatola munsi wa mtengo, kuuponya m'chikwama,
chitseko phwa!

Zaka zisanu ndi chimodzi, mu Genoa momwemuno,
iye kumtunda kwa phiri, ine kufupi ndi doko,
osapatsana ngakhale moni wa pa Khirisimasi.

Mtondo wopanda munsi ndi mbale yolemera chabe.
Ndinkasungiramo makiyi ndi malisiti a magetsi.

Ndinagula kachigayo kamagetsi,
kolira ngati mavu otsekeredwa m'botolo.
Timipeni take timatenthetsa masamba,
pesito n'kutuluka wakuda bii,
kukoma kwake ngati udzu wotchetcha dzana.
Ndinkadya choimirira, maso pa zombo.

Lachinayi lapitali belu linalira.
Nives, imvi mbuu, wefuwefu ndi masitepe makumi asanu ndi awiri,
mtolo wa bazili wa ku Pra' wokulunga m'pepala,
mizu yake ikadali ndi dothi.
"Tullio, dokotala akuti dzanja ili latha ntchito.
Chotsa zinyalala zakozo mu mtondo wa amayi."
Sanapepese.
Inenso sindinapepese.

Adyo kambewu kamodzi, mchere wamiyalamiyala,
kenako njere za paini, zofewa ngati mano a khanda.
Masamba tinatsuka m'madzi ozizira,
kuwayala pa nsalu, osawafinya,
iye akuthothola timapesi ndi dzanja lotsalalo.

Ndinayamba kusinja, go! go! go!
"Ukuswa miyala kodi? Zunguza!
Munsi uziyenda m'mbali mwa mtondo,
tsamba ling'ambike lokha, lisachite mantha."
Ndinazunguza. Mwala unayamba kunong'ona.
Fungo linadzuka pang'onopang'ono,
linadzaza khitchini, linatulukira pa zenera
kukapeza zovala za aneba pa chingwe.
Ndinamva ngati wina waima kumbuyo kwanga
atavala epuloni ya maluwa.
Sindinacheuke.

Tchizi ziwiri, ya ng'ombe yokhalitsa ndi ya nkhosa ya ku Sardinia.
Chopalira chinandisenda chala,
Nives anaseka koyamba, mpaka kutsokomola.
Mafuta a olivi anathira yekha,
kamtsinje kowonda ngati ulusi,
ine ndikutakasa ndi supuni ya mtengo.
Biriwiri!
Mtundu umene ndinauiwala.

M'poto munawira pasita, mbatatesi ndi zitheba.
Tinadya titakhala pansi, mbale ziwiri.
Anati mchere wachepa.
Ndinati adyo wachuluka.
Tinapukuta mtondo ndi buledi mpaka mwala unayeranso.

Potsazika anatsuka munsi ndi madzi okha, osati sopo,
kuupukuta, kuuyang'ana nthawi yaitali,
n'kuugoneka mu mtondo.
"Sindinakupatse ayi. Ndangokubwereka.
Lachinayi ndibwera kudzaona ngati sunauwononge."

Tsopano makiyi anga alibe pokhala.
M'mawa uno ndawafunafuna theka la ola,
ndawapeza m'thumba la jekete,
akununkhira bazili.