Funso Lachinayi, ku Biwi

Magetsi akazima ku Biwi
atate amatumbula mota wopsa wa chigayo,
kusolola mkuwa wakuda ngati matumbo a mbuzi.
Ine ndili pa benchi yomweyo, kope pa bondo,
funso la a Mbalule landitong'olera maso:
waya wonenepa, magetsi ayenda mofanana ponseponse,
peza mphamvu ya maginito mkati mwake ndi kunja.

Ndiwafunsa atate. Aseka.
"Ine ndinalekezera Sitandade 7, Ndaziona.
Koma tabwera kuno."
Batire ya galimoto ya kasitomala,
kampasi yong'aluka galasi,
agunditsa waya kamodzi, thetheya!
singano imene imaloza ku Kanengo
yatembenuka ngati yamva dzina lake.
"Kamphepo kake kamazungulira waya.
Zanga zathera pomwepo."

Zotsalazo nzanga.
Chala chamanthu chiloze kumene magetsi apita,
zinayi zinazo zipinde
monga ndigwirira chitsulo mu minibasi ya ku Kawale.

Ndijambula bwalo.
Lamulo lake nla kondakitala:
owerengedwa ndi amene ali mkati basi.

Kunja kwa waya bwalo lameza magetsi onse,
koma likamakula, njira yogawira italika.
Nditalikire kawiri, patsala theka.
Kakhumi, kachigawo kakhumi.
Ndachulukitsa mtunda mpaka pepala latha,
koma kufika pa ziro, yakana.

Mkati ndinaphonya kawiri, labala anaboola kope.
Pa theka la ulendo wochoka pakati
bwalo lagwira kota chabe ya magetsi,
njira yake ndi theka,
kota kugawa ndi theka, theka.
Ikwera choncho, phazi ndi phazi,
nkukafika pachimake pakhungu pa waya.

Nanga pakatikati penipeni?
Palibe.
Magetsi akudutsa pomwepo, koma singano siingadziwe.

Chaka chachinayi chino achimwene Yotamu ali ku Joni.
Foni ikangonjenjemera pa shelefu
khosi la amayi litembenuka lisanafunse mutu.
Atate dzina lawo salitchula.
Amangokulunga mkuwa, kuwerenga chamumtima,
makumi asanu ndi limodzi, kudula,
ndipo sipanala namba 13 ya achimwene
sabwereketsa munthu.

Magetsi abwera. Biwi yense alira ndi magirayinda.
Ndilemba ziro pakati pa waya,
nditseka mzere kunsi kwake,
ndiwathandiza kugwira mota.