Sikelo pa Chingodzi

Ndege yanditula pa Chingodzi dzuwa lili paliwombo,
phula la pabwalo likununkha ngati mphika wopserera.
Kuchokera ku Maputo sindinalipire kanthu,
tikiti anagula a zaumoyo, bisiketi anatipatsa mlengalenga,
koma ulele wathera pa chitseko ichi.
M'chikwama muli mametikali mazana asanu ndi awiri,
m'manja katoni,
m'katoni sikelo yatsopano yoyezera makanda
imene chipatala chathu ku Moatize chaidikira zaka zitatu.

Woyamba kundithamangira ndi wa takisi,
malaya osita bwino, makiyi akuvina pa chala.
Akuti ndine Fulujensio, galimoto yanga imapuma mphepo yozizira.
Kuwoloka Zambezi kulowa m'tauni, mazana asanu ndi atatu.
Ku Moatize, chikwi ndi theka.
Ndaseka mpaka katoni kugwedera.
Achimwene, imeneyo kwathu ndi mwendo wa mbuzi,
thumba la makala, ndi nsapato za sukulu za Selesitina wanga.
Iye wangokweza mapewa:
Mayi, mafuta sadziwa kuti ndinu azamba.

Wa chopela ali chikhalire pansi pa nimu,
kudzuka ayi, wangoimika zala zinayi.
Mazana anayi, koma pa mlatho wa Revubwe ndibwerera,
kutsogoloko kuli malole a malasha
ndipo changachi ndi chigoba cha dzira.
Nanga kuchokera pa mlathopo ndiuluke?
Akuti poti mwayamba kale kuuluka lero.

Mnyamata wa njinga yamoto, chisoti alibe,
mazana awiri basi, katoni timanga kumbuyo.
Ndayang'ana lamba wake wa mphira wothetheka,
ndakumbukira maenje a pa msewu uja,
singano ya sikelo ikunjenjemera mumdima wa katoni,
kenako makanda onse a chaka chino
akulembedwa m'kaundula ndi kulemera kwabodza.
Ayi mwanawe, pita bwino.

Ndiye ndaima pakati pawo ngati mbuzi ya pamsika,
aliyense akundiyeza ndi maso.

Wandipulumutsa ndi mayi wosesa, tsache m'khwapa,
a Anasitanziya, monga mwa kabaji ka pachifuwa.
Sanandiyang'ane nkomwe, walankhula ndi fumbi:
Tulukani pa geti, mulondole msewu mpaka ku waukulu,
chapa ndi makumi atatu.

Katoni pamutu, chitenje ndapinda nkhata.
Nsapato zomwe ndinagulira ulendo wa ku Maputo
zayamba kundidya zidendene.
Thukuta lalowa m'maso, lalowa m'kamwa,
mtengo wa chapa ukukwera ndi phazi lililonse
ngakhale palibe wandilipiritsa.
Chapa zitatu zadutsa zodzaza, mikono ili pa zenera.
Yachinayi yaima.

Kondakitala wayang'ana ine, wayang'ana katoni:
Awa ndi anthu awiri, makumi asanu ndi limodzi.
Ndakhala pansi, ndaifungatira pamiyendo.
Kuyambira liti mwana wa pamiyendo amalipira?
Chapa yonse yaphulika kuseka,
ngakhale bambo wa dengu la chikowa amene amaodzera.

Muli chiyani kodi, wailesi?
Ndamuuza.
Wasiya kugogoda chitseko ndi kandalama kake,
wakhala chete mpaka tawoloka Revubwe.
Ndiye pang'onopang'ono, osafuna ena amve:
Mkazi wanga Jakilina ali ndi pakati,
mwezi wa mawa, kwa inu komweko.
Watenga makumi atatu okha.
Pofika pa maenje wamenya denga, wakalipira dalaivala,
dzanja lake lina lili pa katoni.

Ndatsika ku Moatize malaya ada ndi fumbi la malasha.
Ndawerenga zotsala: mazana asanu ndi limodzi, makumi asanu ndi awiri.
Ndagula madzi ozizira a m'kajumbo,
theka ndamwa,
theka ndathira pa matuza a chidendene,
nsapato m'manja, katoni pamutu,
geti la chipatala lili uko, kuseri kwa njanji.