Nyuzipepala Pachifuwa

Tsiku loyamba, mwezi wa Juni, dzuwa lisanasuzumire,
tinandanda pamzere cha ku Kabwata,
mpweya uli tolotolo m'kamwa ngati tonse tikusuta.
Yotamu, makaniko wathu, anandilowetsera
nyuzipepala yadzana m'kati mwa malaya.
"Nkhani zake zinasasa," anatero,
"koma mphepo sidziwa kuwerenga."
Ndinanyamuka ndi mitengo ya feteleza pamtima
ndi nkhope ya munthu wosowa pamchombo.

Ine sanandilembe kuti ndipambane.
Anandilemba kuti ndikhale khoma.
Kumsana kwanga kumabisala Mwape, wa miyendo ya gwape;
ndimang'amba chisanu ndi mphumi
iye n'kumadutsa pong'ambikapo.
Kupita ku Kafue ndi kubwerako
zala zinaiwala mwini wake.
Pamtsetse wa Chilanga ndinafinya mabuleki
ndi manja obwereka.

Lachiwiri tinaloza ku Chisamba.
Mphepo ya m'minda ya tirigu inatimenya cham'mbali,
gulu linaduka ngati mkanda wa ulusi wofuka,
mikanda ina sitinaionenso mpaka madzulo.
Mlomo unang'aluka. Ndinalawa magazi
ndipo ndinati bola awa ngofunda.
Usiku ndinachapa kabudula yemweyo mmodzi,
ndinamuyanika pawindo la kalasi yomwe tinagonamo.
Sanaume.
M'mawa ndinamuvala ndikutukwana chamumtima.

Lachitatu sindilikumbuka bwino.
Tcheni, phula, nambala ya pamsana wa mnzanga,
nthochi yozizira yokanirira pakhosi,
ndi kamwana kopanda nsapato pamsewu wa ku Mumbwa
komwe kanatithamangira kakuseka
ngati kuzizira n'kwa akuluakulu okha.

Lachinayi, pobwerera kuchokera ku Chongwe,
nkhungu ili mbuu, tinawapeza:
amakala, mzere wawo wolowera m'tauni,
matumba anayianayi panjinga zopanda magiya,
patapata kuphazi, jekete lomanga ndi mphira.
Apolisi anawakankhira kuudzu kuti ife tidutse.
Mmodzi anatsika, natsamiritsa katundu pantchafu,
phewa lakumanzere litagwa
ndendende mmene linkagwera la bambo anga
zaka khumi ndi ziwiri pamsewu womwewu,
atasenza moto wa eni ake
iwo akunjenjemera.
Mpikisano wawo unalibe wezulo,
unalibe tsiku lomaliza kupatula lija tinawanyamula.
Munthuyo sanatiombere m'manja.
Anangoyang'ana matayala athu oonda ngati chala
napukusa mutu.

Sindikudziwa chomwe chinandilowa.
Ndinakuwa kwa Mwape, gwira gudumu langa usalitaye!
Ndinaweramira pachiwongolero, ndinakoka,
ndinakoka mpaka mphuno inasiya kuchucha,
mpaka kuzizira kunatsalira kumbuyo ndi ena onse.
Pofika ku Chelstone miyendo inati ife basi.
Mwape anatuluka kumsana kwanga ngati mwala wa legeni
osacheuka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Mathero sindinawaone.
Ndinangomva nthungululu kutali, ndikupalasa ndekha
pakati pa maminibasi omwe anali atayambanso kulizirana mahutala.
Akuti anachepera ndi mpata wa chikhatho.
Wachiwiri. Ine wa makumi atatu ndi asanu ndi atatu.

Nditavula malaya nyuzipepala inali phala,
zilembo zake zitadindika chagada pakhungu,
moti Yotamu anawerama, nayesa kundiwerenga.

Kuseri kwa hema mayi wina, Mutinta, ankagulitsa tiyi.
Anandiona mano akugogoda
nandikankhira mbaula ndi phazi, osafunsa ndalama.
Ndinatambasula manja, akubwerera kwa ine pang'onopang'ono,
chala ndi chala, chilichonse ndi ululu wake.
Makalawa ngakuti, mayi?
A ku Chongwe, anatero, afika m'mawa uno
inu musanayambe n'komwe kuoneka.

Ndinakhala chete, ndikuwotha.