Mng'alu Wokhota

Usiku wachitatu m'chipinda cha pamwamba ku yunivesite,
mawindo otsegula, malole akubuula pa msewu wa ku Chipata.
Pa kompyuta yanga pagona mng'alu wa pansi pa chigwa cha Luangwa,
wokhota ngati chikwakwa,
koma pulogalamuyi imangodziwa mizere yowongoka.

Yaudula masitepe okhaokha.
Pa ngodya iliyonse pakubadwa chivomezi chabodza,
manambala akutupa mpaka kuphulika.
Lusaka wagwa kasanu chidyereni mgonero,
pomwe panja mlonda Sakala akuwodzera,
tiyi wake ali phee m'kapu.

Ndakumbuka bambo pa makina awo ku Kamwala
akulumikiza mkono wa jekete.
Pokhota sankakoka nsalu ayi.
Ankacheka timano ting'onoting'ono m'mphepete,
nsalu n'kugonja yokha.
"Tikambenji, phewa la munthu si rula."

Ndiye ndapasula ukonde wonse.
Tizidutswa ta makona atatu ndatichepetsa pokhotapo,
ndatipinda m'mbali kuti titsate mmene mwala unathyokera,
osati mmene ine ndikadafunira.
Ndadina batani.

Magetsi thii!
Jenereta yatsokomola kawiri, yavomera.

Cha m'ma folo koloko mng'alu wayamba kutsetsereka,
kachigawo kamodzi, kenako wonse,
mafunde ofiira akukhota nawo osapunthwa,
adutsa Rufunsa, adutsa Chongwe,
isanathe mphindi afika pansi pa mpando wangawu.

Ndagwira tebulo.
Silikugwedezeka.

Kunja kondakitala woyamba akuitanira a m'tauni.
Ine ndayambiranso kuwerengera,
poti nawonso mabodza amatha kukongola chonchi.