Mphindi Zitatu ku Potosí

Ndinawauza Lolemba:
mphindi zitatu basi, zithunzi zisapitirire khumi,
ndipo mawu akhale anuanu.
Matabuleti tili nawo anayi, ana makumi atatu ndi mmodzi.
Ina ndi yosweka galasi pakona,
moti aliyense amaonekamo ndi chipsera pachipumi.

Nayra anajambula amayi ake akugulitsa mbatata zouma,
nabwereza mawu kasanu ndi kawiri
chifukwa basi inkangoliza hutala pa liwu lomwelomwelo.
Eusebio anaika nyimbo yaphokoso
mpaka galu wake, mwini nkhani, anamira m'ng'oma.
Tinadula, tinalumikiza.
Ndinaona ana odana ndi cholembera
akukangana za pomwe chiganizo chiyenera kupumira.

Limbert sanabweretse chithunzi.
Chaka chonse mwanayu ndamumva mawu kawiri,
kuvomera dzina ndi kupempha kukadzithandiza.
Lachisanu anaika tabuleti patebulo langa
n'kubwerera kumpando, manja m'matumba.

Ndinazimitsa magetsi. Khoma linawala, kenako bii.
Mdima wokhawokha.
Ndimati ndidzuke ndikagwedeze waya
pomwe tinamva chitseko chamalata,
madzi akuthiridwa m'beseni,
jombo zikugwa pansi, imodzi, patapita nthawi inzake,
ndiyeno chifuwa.
Chifuwa cha munthu wamkulu, chochokera pansi penipeni,
ngati fosholo ikupala miyala.
Chinatha mphindi yathunthu.
Kenako kamawu, pafupi kwambiri ndi maikolofoni:
"Awa ndi bambo anga. Amagwira ntchito m'kati mwa phiri.
Ndikamva chonchi ndimadziwa kuti lero atulukamo."

Palibe amene anaseka.
Kunja kwa zenera phiri lofiira lija linali pompo,
lobookabooka ngati thabwa lodyedwa ndi chiswe,
ndipo theka la kalasi linkachidziwa chifuwacho,
kungoti kwawo chili ndi dzina lina.

Pepala langa lamalikisi lili ndi timabokosi:
zithunzi, kamvekedwe, kayalidwe ka nkhani.
Pa zithunzi ndinayenera kulemba ziro.
Cholembera ndinangochigwira m'mwamba mpaka belu linalira.
Palibe anatola chikwama.
Nayra anafunsa ngati tingaionerenso,
kuionera, anatero, nkhani yopanda chooneka,
ndipo Limbert, maso ali pa desiki, anati:
"Mukweze pang'ono, aphunzitsi.
Kumapeto kwake amandiitana dzina."