Tsamba Siligula Mayuniti

Magetsi apita tambala asanalire,
Kalingalinga yense wangoti zii.
Makina anga owotcherera agona ngati galu wodwala,
mageti atatu osatha atsamira khoma,
mwini wa limodzi waimba kale kawiri.
Ndakhala pa chigubu, manja ali lende.

Kuseri kwa mafelemu a mawindo
kwamera dzungu lomwe palibe anadzala.
Kaya nthanga inagwa m'dengu la amake Zelipa,
kaya inadza ndi madzi a mu Januwale.
Lakwera chitsulo chadzimbiri,
latambasula masamba ngati zikhatho za wopempha,
koma silipempha kwa munthu.

Tikambenji, mwana wanga wa giredi eyiti,
akuti: Atate, tsamba ndi khitchini.
Mizu imalitungira madzi,
limameza mpweya womwe ife tataya,
dzuwa likaliwomba limapanga shuga.
Ndaseka. Shuga yemweyu
wokwera mtengo pa kantemba mwezi ndi mwezi?
Iye sanaseke.
Watsegula kope, wandilozera mivi ya bolopeni,
wina wolowa, wina wotuluka.
Akuti ngakhale ndere za m'ngalande ya ku Mtendere,
zobiriwira zija timalumpha titatsina mphuno,
nazonso zimadya kuwala.

Ine kuwala komwe ndimadziwa nkwina:
kwabuluu, kolusa, kothetheka,
kondisiya usiku ndi mchenga m'zikope.
Kwangako ndimagula ndi mayuniti,
ndipo ndikagula sikubwera.
Kwa dzunguli kumangogwa,
pa matailosi a ku Kabulonga, pa malata athu opsinja ndi miyala,
muyeso umodzi, popanda lisiti.

Yotamu, mnyamata wanga wa ntchito,
wabwera ndi khasu, akuti likutchinga katundu.
Ndati lisiye.
Pa bwalo lonseli ndi lokhali lili pa ntchito lero.

Masana onse ndaliyang'ana.
Silichita phokoso, silitulutsa utsi,
palibe nyundo, palibe thukuta,
koma pofika madzulo nsonga yake
yadutsa pomwe ndinalemba ndi choko m'mawa,
zala ziwiri zathunthu.

Amake Tikambenji athyolako masamba asanu ndi awiri,
awasadzula, athira nsinjiro.
Tadya ndi kandulo pakati.
Mwana wati: Tikudya dzuwa la lero.
Palibe wamuyankha, pakamwa panali podzaza.

Teni koloko babu laphethira, layaka.
Agalu auwa, mawailesi adzuka m'makomo.
Ndavala chigoba changa chakumaso.
Dzungu lagona, lagwetsa makutu.
Shifiti yake yatha,
yanga ndiye ikuyamba.