Sikelo ya Wakabaza

Zaka zitatu ndakhala ndikumunyamula,
Zaithwa, mwana wa Mayi Likoswe a ku Matawale.
Ali sitandade thu anali ngati mtolo wa chisoso,
ndinkachita kucheuka
kuona ngati akadali pampando.

Chaka chino pachitunda cha kusukulu
tcheni chinayamba kulira.
Ndinkaimirira pamapedulo, thukuta kamukamu.
Achipatala ali ndi sikelo yawo ya manambala,
yanga ndi akatumba awa,
ndipo sanandinamizepo.

Za m'mimba mwake ndinkazidziwa kuposa mayi ake.
Pageti mandasi atatu.
Pa buleki firizi wofiira, lilime kuti psuu.
Poweruka, “Ankolo, taimani pachiwaya,”
tchipisi chonyezimira m'kajumbo,
mchere ndi mafuta mpaka m'zigongono,
kenako kunyumba, pampando wofewa,
kanema mpaka magetsi atazima.

Ndinakhala chete.
Amati mwana wa mnzako ngwako yemwe,
koma pakamwa panga panali ndalama ya pamwezi.
Komanso mayi akewo tinakulira limodzi ku Jali.
Chaka cha njala tinkadya zitsa za nthochi,
mng'ono wawo tinamuika ali wopepuka ngati mphasa.
Ndiye anthu akamati, “Mwanayu akudya bwino,”
iwo nkhope inkawala,
ngati akubweza ngongole kumanda.

Tsiku la masewera linafika.
Anzake anazungulira bwalo kawiri,
iye anathera pa golo yoyamba,
manja pamawondo, chifuwa chikulira ngati mvukuto.
Wina anakuwa, “Chigubu chaphulika!”
Pobwerera sanapemphe tchipisi.
Anatsamira kumsana kwanga
ndipo malaya anga ananyowa,
koma silinali thukuta langa.

Aphunzitsi, Mayi Nankwenya, anaitana makolo.
Ine ndinali panja pa zenera, ndikupopa tayala.
Kunabwera namwino, anakamba za shuga,
za mtima wotopa mwana asanamere ndevu.
Mayi Likoswe anaimirira, mawu akunjenjemera:
“Mukuti ndimumane mwana wanga?
Inu njala munaiona?”
Kalasi yonse zii.
Aphunzitsi anati, “Ndinaiona, mayi.
Sitikuti mumumane.
Mapeyala akuolera pamsika,
masuku akutsika m'phiri ndi madengu,
bonongwe wamera yekha kuseri kwa kalasi ino.
Mumupatse, koma mumupatse zomupititsa patali.”

Sizinasinthe tsiku limodzi, ndisaname.
Sabata yoyamba mbatata yophika inabwerera m'chikwama,
gwafa anasinthanitsa ndi switi.
Analira. Mayi ake naonso analira.
Mwezi usanathe sitandade faifi inalima kadimba,
iye akutunga madzi ndi keni,
ndipo mpiru woyamba kuthyola
anapita nawo kwawo ataukumbatira ngati mphotho.

Kenako mayi ake anandiitana pakhonde.
“Che Twaibu, m'mawa muzimunyamula,
masana aziyenda.”
Theka la malipiro anga linapita pomwepo,
sopo wa ana anga, ndiwo za Lachisanu.
Usiku umenewo ndinawerenga ndalama kawiri.

Komabe masana ndimapezeka pageti.
Chikwama pa keliyala, ine ndikukankha njinga,
iye pambali panga, akukhwasula chinangwa,
akundifotokozera za fulaye amene atsikana amugonjetsa,
za mpira wa mapepala umene wamanga yekha.
Mtambo ukakhala paphiri timafulumira.
Masiku ena amandisiya m'mbuyo.

Akadali wonenepa, sindikubisa,
koma dzina la Chigubu likuiwalika,
ndipo masitepe a kutchalitchi amakwera osapumira.

Loweruka lapitali anati ndimuphunzitse kupalasa.
Anagwa kawiri mumchenga, bondo linasupuka.
Kachitatu anandiuza ndikwere kumbuyo.
Tinayenda mwina mapazi khumi,
handulo ikugwedera, agalu akutiuwa,
iye akupuma mwamphamvu, akuseka:
“Ankolo Twaibu, koma ndinu olemera!
Mumadya chiyani kwanu?”